Kuitana agwape milungu yoyambirira ya ulenje ku America

Ku Indiana ndi ku Michigan nyengo yosaka agwape ndi uta imatsegulidwa pa 1 Okotobala. Ku Wisconsin amayamba pakati pa Seputembala, pomwe ku Kentucky amayamba Loweruka loyamba la mwezi womwewo. Amalawi amene anakhazikika cha ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, ndi madera ozungulira amadziwa mmene anzawo akuntchito amasinthira nthawi imeneyi ikayandikira: nkhani ya pa nthawi yopuma imakhala ya agwape basi, ndipo sipapita nthawi yaitali wina asanakuuzeni kuti tiyeni mukaone Loweruka lino. Mukavomera, mudzalowa m'sitolo ya zida za alenje n'kupeza khoma lonse ladzaza zoitanira agwape, paketi iliyonse ili ndi chithunzi cha gwape wanyanga zikuluzikulu akubwera chothamanga. Zambiri mwa zimenezo anazipangira Novembala. Malangizo awa ndi a milungu yoyambirira, pamene gwape sanayambe kufuna mkazi kapena ndewu, ndipo phokoso lalikulu limangomuthawitsa.

Dziwani kaye chimene chili kumtima kwa gwape milungu imeneyi

Moyo wa gwape wamchira woyera, uja asayansi amamutcha Odocoileus virginianus, umayendera kutalika kwa usana. Masiku akayamba kufupika thupi la wamphongo limasintha. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala khungu laubweya lokuta nyanga limauma, iye n'kulikwecha pa timitengo mpaka nyanga kutsala fupa lokhalokha. Koma kukwerana kwenikweni m'zigawo za Midwest, monga Indiana, Michigan ndi Wisconsin, kumafika pachimake cha pakati pa Novembala. Pakati pa nthawi ziwirizi pali milungu ingapo imene amphongo akuyendabe m'timagulu ta amuna okhaokha, kapena angoyamba kumene kumwazikana. Amakankhana nyanga mosewera, kuyesana mphamvu kuti adziwe wamkulu ndani, koma si ndewu yeniyeni. Aakazi ali ndi tiana tomwe tinabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Onsewa akusamala za chinthu chimodzi: kudya kuti anenepe chisanu chisanafike.

Ndiye kuti mawu omwe amamveka m'nkhalango masiku amenewa ndi a pachibale. Mayi akuitana kamwana kake, kamwana kakuyankha, wamphongo akudziwitsa mnzake kuti ali pafupi. Kuitana kwanu kukhale ngati "odi" wa mnansi pakhomo, osati mfuu yodzutsa mudzi wonse.

Malamulo musanagule chilichonse

Werengani kabuku ka malamulo a ulenje ka chaka chimenecho kochokera ku nthambi ya zachilengedwe ya chigawo chanu, yomwe ku Indiana ndi ku Michigan amangoti DNR. Malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo amasintha. Ku Indiana, munthu wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 ayenera kuchita maphunziro a chitetezo cha alenje asanagule laisensi, ngakhale ilipo laisensi ya ophunzira yomwe imakulolani kusaka muli limodzi ndi wamkulu wokhala ndi laisensi yake. Zoitanira zamagetsi, zija zoliza mawu ojambulidwa, n'zoletsedwa posaka agwape ku Indiana, choncho musaganize zoliza mawu a gwape pafoni muli pansanja ija mlenje amakhalapo m'mwamba mumtengo. Kuthira chimanga kapena mchere kuti mukope nyama nakonso n'koletsedwa kumeneko. Nthawi yololedwa imayamba theka la ola dzuwa lisanatuluke n'kutha theka la ola litalowa. Ngati nkhalango kapena munda uli ndi mwini, pemphani chilolezo.

Gulani zochepa

Chida chimodzi chokha n'chokwanira kuyambira: chitoliro chomwe amachitcha grunt tube. M'kati mwake muli kalilime kapulasitiki komwe kamanjenjemera mukauzira mpweya, ndipo kumapeto kuli paipi yamakwinya yomwe mutha kuitalikitsa kapena kuipinda. Sankhani chomwe chili ndi kamphete kalabala kosunthika pa kalilimeko. Kamphete kakakhala kufupi ndi nsonga ya kalilime, mawu amakhala aang'ono, a kamwana kapena a wamkazi. Mukakabweza m'mbuyo, mbali yonjenjemera imatalika ndipo mawu amakula kukhala a wamphongo. Milungu yoyambirirayi ikani kampheteko pa wamkazi kapena pa wamphongo wamng'ono. Mawu akulu a chimphona amaopseza agwape ambiri omwe mungakumane nawo, popeza ambiri mwa iwo ndi aakazi ndi amphongo a chaka chimodzi ndi theka amene sakufuna kugundana ndi wamkulu.

Chachiwiri, ngati muli ndi ndalama, ndi kachitini kolira kaja amati bleat can. Mumatseka kabowo kapansi ndi chala, n'kukatembenuza, kenako kamalira "mee" kokha. Kakang'ono n'kabwino kuposa kakakulu, chifukwa zitini zikuluzikulu anazipangira kulira kwa wamkazi wofuna mwamuna, ndipo pa 3 Okotobala wamkazi wotere simumupeza m'nkhalango. Nyanga ziwiri zogunditsa tizikamba patsogolo.

Phunzirani kuliza musanapite kutchire

Malo abwino ophunzirira ndi m'galimoto mwanu, mawindo ali otseka. Gwirani chitoliro ndi dzanja limodzi, linalo likute kumapeto kwa paipi mosatseka kwenikweni. Musauzire ndi masaya. Mpweya uchokere pamimba, pang'ono chabe, mongobuula. Mawu amene mukufuna ndi aafupi, osapitirira theka la sekondi, amodzi okha: "buu", kenako duu. Dikirani masekondi angapo, bwerezani. Mukamva kalilime kakulira mokweza ndi mong'aluka, mwauzira kwambiri. Tsegulani ndi kutseka dzanja la kumapeto kuti mumve mmene mawu akusinthira, chifukwa dzanjalo ndi limene limachotsa kulira kwa pulasitiki n'kupangitsa mawu kumveka ochokera m'chifuwa cha nyama. Mudzijambule pafoni, foniyo ili patali pang'ono. Anthu ambiri amadabwa kuti zomwe ankaona ngati zotsika zikumveka kutali zedi.

Gwape amamva bwino kwambiri, ndipo makutu ake amatembenuka lililonse palokha. Madzulo opanda mphepo, mawu amene inu mukukayika ngati amveka iye amatha kuwamva ali patali.

Malo ndi mphepo: apa ndi pamene nkhani imathera kapena kuyambira

Chitoliro sichingakoke gwape komwe kulibe gwape. Ntchito yake ndi kumusuntha mamita 40 kapena 50 omalizira kuti alowe pomwe muvi wanu ungafike, ndipo kwa mlenje wauta watsopano pamenepo ndi mamita 20, osapitirira 25. Choncho pezani kaye chakudya. Mu Seputembala agwape amakonda minda ya soya masamba akadali obiriwira. Akangoyamba kuchita chikasu amaisiya. Nthawi yomweyo mitengo ya oak imayamba kugwetsa nthanga zake, ndipo agwape amathamangira za white oak kusiya za red oak chifukwa sizowawa kwambiri. Mtengo umene ukudyedwa mudzaudziwa: pansi pake masamba ndi opalasidwa, tizisoti ta nthanga tili mbwee popanda nthangazo, ndowe zatsopano zakuda zonyezimira zili paliponse, ndipo agologolo akuchita phokoso m'mwamba. Fufuzaninso tinjira tochokera m'ziyangoyango momwe amagona masana.

Milungu yoyambirira, madzulo amaposa m'mawa. Mukapita m'bandakucha mumawapeza akadali m'munda kapena panjira yobwerera kokagona, n'kuwathamangitsa musanakwere n'komwe. Madzulo mumalowa iwo ali chigonere. Kumpoto kwa Indiana dzuwa limalowa cha m'ma 7:30 kumayambiriro kwa Okotobala, ndiye khalani pansanja maola atatu nthawiyo isanakwane. Tsiku lotsatira kuzizira kwadzidzidzi, pamene kutentha kwatsika kwambiri poyerekeza ndi dzulo lake, agwape amadzuka msanga.

Tsopano mphepo. Gwape akamva mawu a mnzake amene sakumuona, kawirikawiri sabwera molunjika. Amazungulira kuti akafike kumene mphepo ikupita, anunkhize kaye amene walankhulayo. Akafika kumeneko n'kumva fungo la munthu, zatha, ndipo nthawi zambiri inu simudziwa n'komwe kuti anabwera. Alenje ambiri amadandaula kuti chitoliro chawo sichigwira ntchito pomwe chinagwira, koma gwape anawanunkhiza ali kuseri kwa tchire. Njira yake ndi kuika nsanja pamalo oti kumene fungo lanu likupita kuli chotchinga: mtsinje wakuya, phedi, msewu, kapena bwalo loyera lomwe gwape wamkulu sangayendemo kukuwala. Akalephera kuzungulira patali, amadutsa pafupi nanu.

Mphepo ya pafoni si mphepo ya pansi pa mtengo wanu. Tengani makoko ouma a chomera cha milkweed, omwe amapezeka m'mphepete mwa minda nthawi imeneyi, muziike m'thumba. Mukatsomphola kaubweya kamodzi n'kukasiya, mumakaona kakuyandama, kakutsika, kakukhota pamtengo uja, n'kupita komwe simunaganize. Fungo lanu likutsata njira yomweyo. Kumalo a zitunda kumbukirani kuti mpweya umakwera chitunda m'mawa dzuwa likatentha, ndipo madzulo umatsikira kuchigwa kukayamba kuzizira, nthawi yeniyeni yomwe agwape akuyenda.

Pakhalenso tchire lowirira pafupi ndi tsinde la mtengo wanu. Gwape amadziwa bwino lomwe pamene mawu achokera. Akayang'ana kuchokera patali n'kuona pansi pali mbee, popanda nyama, amaima n'kubwerera. Pakakhala zitsamba, amakakamizika kubwera kuti aone.

Za nsanja: valani malamba achitetezo a thupi lonse, ndipo mukhale omangirira kumtengo kuyambira pamene phazi lachoka pansi mpaka mutatsika. Kugwa pansanja kumavulaza alenje a agwape ambiri kuposa zida zawo. Uta ndi chikwama muzikoke ndi chingwe mutakhala kale. Thirani mankhwala a nkhupakupa pa zovala, chifukwa nkhupakupa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme.

Kuitana gwape amene mukumuona

Apa ndi pomwe chitoliro chimabweza ndalama zake. Lamulo loyamba: gwape amene akubwera kale kwa inu musamuitane. Siyani chitoliro chilendewere pakhosi, gwirani uta. Chitoliro ndi cha uja amene akudutsa patali kapena watembenuka kupita kwina.

Dikirani mutu wake ukhale pansi kapena uyang'ane kumbali. Lozetsani paipi pansi ndi kumbuyo kwanu pang'ono, kuti mawu amveke ngati achokera kuseri kwa mtengo osati m'mwamba. Lizani kamodzi, motsitsa. Kenako yang'anani makutu ake. Ngati sanasinthe chilichonse, mwina sanamve, makamaka akamayenda pamasamba ouma kapena akamatafuna nthanga. Dikirani aime, bwerezani mokwezako pang'ono. Khutu limodzi likatembenukira kwa inu, kapena akatukula mutu, wamva. Lekani pomwepo. Musasunthe ngakhale chala, chifukwa tsopano maso ake akufufuza malo enieniwo.

Chotsatira chimakhala chimodzi mwa zinthu zingapo. Akhoza kugwedeza mchira kamodzi n'kuyamba kubwera, pang'onopang'ono, akuima n'kumanyambita mphuno. Musawonjezere mawu ngakhale atatenga mphindi 10. Alenje atsopano amaononga mwayi pamenepa chifukwa cha mtima wapachala. Akhoza kuyang'ana nthawi yaitali n'kuweramanso kudya. Mupatseni mphindi zingapo, ndipo akayamba kuchoka yesani kamodzinso, mwina posintha mawu: ngati munayamba ndi chitoliro, tembenuzani kachitini. Akapitirirabe, musiyeni apite. Wamva, wakana, koma sanaope, ndipo mawa kapena mkuja adzadutsanso pamenepo. Mukamukakamiza ndi kuliza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mumamuphunzitsa kuti mumtengo umenewo muli chachilendo. Ndipo musataye mtima msanga, chifukwa wamphongo wamkulu amatha kulowa m'tchire ngati wapita, n'kutulukira kumbuyo kwanu patapita theka la ola, osapanga phokoso. Muziyang'ana kumene mphepo ikupita.

Akaumitsa khosi, n'kumenya pansi ndi phazi lakutsogolo, wakayika. Akafwenthera mwamphamvu n'kuimika mchira woyera uja, wakudziwani. Ena amayesa kumutonthoza ndi mawu a wamkazi, ndipo ngati anangoona kusuntha chabe nthawi zina zimatheka. Koma ngati wamva fungo palibe chitoliro chomwe chingamubweze.

Kuitana mosaona

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti, nanga ngati sindikuona kanthu? Pano alenje amasiyana maganizo. Ine ndimati milungu iwiri yoyambirira ya Okotobala, kuitana mosaona kukhale kochepa kwambiri, chifukwa masamba akadali m'mitengo, simuona patali, ndipo gwape amatha kukhala pa mamita 30 inu osadziwa, n'kukuonani mukunyamula chitoliro. Ngati mukufuna kuyesa, yambani mwayang'anitsitsa mbali zonse. Lizani kawiri kapena katatu motsitsa, masekondi angapo pakati, kenako khalani chete mphindi 30 kapena kuposerapo, uta uli m'manja. Musayambe mutangokwera kumene. Nkhalango ikhazikike kaye. Kumalo aboma komwe alenje ndi ambiri, agwape amva kale zitoliro za mtundu uliwonse, ndiye kumeneko chete amapha nyama zambiri kuposa luso loliza.

Nyanga: kukhudzitsa, osati kumenyanitsa

Mavidiyo ambiri a pa YouTube amaonetsa mlenje akumenyanitsa nyanga ndi mphamvu zonse, akuthyola nthambi ndi kupondaponda pansi. Imeneyo ndi ndewu ya kumayambiriro kwa Novembala. Milungu yoyambirirayi amphongo amangolowetsana nyanga n'kukankhana mwaulesi, ndipo phokoso lake ndi la nsonga zokhudzana: khwe, khwe, kenako kukhulana pang'ono, kenako chete. Amphongo ena akamva amabwera kudzaonerera basi. Tengani nyanga zing'onozing'ono, khudzitsani nsonga ndi kuzipotoza mofatsa kwa masekondi 30 mpaka mphindi imodzi, mukupumira pakati. Zipachikeni msanga, tengani uta. Kamodzi kapena kawiri madzulo onse n'kokwanira. Dulani tinsonga tapafupi ndi pogwirira kuti musadzibaye chala chachikulu, ndipo valani magolovesi. Poyenda m'nkhalango nyangazo zikhale m'kati mwa chikwama, zisaoneke. Si mlenje aliyense amene amayang'ana kawiri asanaponye.

Kulira kwa kamwana

Ngati cholinga chanu ndi nyama ya mufiriji ndipo laisensi yanu ikulola wamkazi, palibe mawu amphamvu kumayambiriro kwa nyengo kuposa a kamwana. Alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi "mee" wamfupi, wofatsa, wa kamwana kofuna mayi ake. Amenewa mutha kuwaliza posunthira kamphete kunsonga, ndipo amakopa wamkazi mwachidwi chabe. Achiwiri ndi kulira kokweza, kotalika, konjenjemera, kwa kamwana kogwidwa ndi chilombo. Wamkazi akamva amenewa amabwera chothamanga, nthawi zina ngakhale amene alibe mwana, koma amafika ali tcheru, maso ali pamtunda, ndipo sachedwa. Mawu amenewa amakoka kwambiri mu Seputembala ndipo mphamvu yake imachepa Okotobala akamapita. Amaitananso nkhandwe za kumeneko, ma coyote, ndipo kumpoto kwa Michigan ndi Wisconsin komwe kuli zimbalangondo zakuda muziganiza kawiri, makamaka ngati mwakhala pansi osati pansanja. Amasokonezanso malo onse, choncho ndi oyesa tsiku lomaliza pamalo omwe simubwererapo msanga. Ena amada nkhawa ndi tiana tosiyidwa. Kamwana ka gwape kamatha kudzidalira pa chakudya kakakwanitsa milungu 10 mpaka 12, ndiye pofika Okotobala ambiri amakhala atadutsa msinkhu umenewo.

Kumuimitsa kuti muponye

Mawu omalizira safuna chida. Gwape akalowa pa mpata wanu akuyenda, kokani uta mutu wake uli kuseri kwa mtengo. Mutakoka ndi kulunjika kale, nenani ndi pakamwa "mee" motsitsa. Amaima n'kuyang'ana. Ponyani kuseri kwa phewa, cha m'munsi pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pomwe muvi wa uta wamakono umayenda mamita 80 mpaka 90. Gwape amamva kulira kwa nsinga muvi usanafike, ndipo amene mwamuimitsa ndi mawu amakhala wokonzeka kale kuthawa, ndiye amanyonyomala kuti adumphe, muvi n'kudutsa pamwamba pa msana kapena kumulasa pamalo osapha. Ngati akuima yekha apo ndi apo akudya, musalankhule. Dikirani aime yekha.

Mukalasa, khalani pansanja theka la ola musanatsatire magazi, ndipo ngati muvi walowa cha kumimba dikirani maola ambiri. Koma kumbukirani kutentha kwa milungu imeneyi. Mukamupeza, tumbulani nthawi yomweyo, tsegulani chifuwa mpweya ulowe, ikanimo matumba a ayisi, ndipo nyama ifike pansi pa madigiri 4 a Celsius mwamsanga. Ku Indiana muyenera kulembetsa gwape wanu ku DNR pasanathe maola 48. Kumadera komwe kwapezeka matenda a CWD, omwe amaononga ubongo wa agwape, monga mbali zina za Wisconsin ndi Michigan, kayezetseni musanadye.

Nthawi yosintha mawu

Cha pa 25 Okotobala mudzayamba kuona kusintha. Makosi a amphongo amatupa, mitengo yokwechedwa imachuluka, ndipo m'mphepete mwa minda mumapezeka malo opalasidwa mpaka dothi, pansi pa kanthambi kolendewera komwe amatafuna ndi kukhulapo nkhope. Amphongo aang'ono amayamba kuthamangitsa aakazi omwe sanakonzeke. Zizindikiro zimenezi zikaoneka pamalo anu, bwezani kamphete kuti mawu akule, lizani mokwezako ndi motsatizana, menyanitsani nyanga mwamphamvu, ndipo chitini chachikulu chija chitha kutuluka m'chikwama. M'mawa nawonso amayamba kupindula. Kukazizira kwambiri malovu amaumitsa kalilime n'kukana kulira, choncho chitoliro chizikhala m'kati mwa jekete, ndipo mukafika kunyumba chimasuleni, mutsuke ndi madzi ofunda opanda sopo wonunkhira, chiume bwino musanachibwezere m'chikwama.